Katundu Wopanda Fungo

Ndimamata matayala pamsewu wa Lumumba,
pansi pa mtengo wa mango umene unaleka kubereka
chifukwa cha utsi wa dizilo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tsopano.
Mphuno yanga ndiyo inali mlonda:
lole isanaime ndinkadziwa kale kuti yasenza feteleza,
kapenta wa ku Siavonga, chimanga chonyowa,
kapena mkuwa, umene sununkha koma umalemera
mpaka phula kulira.

Dzulo Tilyenji, mwana wa mlongo wanga,
amene amalemba zokambirana za makomiti ku Nyumba ya Malamulo,
anatsika basi ndi mapepala m'chikwama.
Malume, anatero, kwabwera bilu.
Akufuna kuti zida zankhondo za nyukiliya,
ngakhale nyenyeswa zake, ngakhale phulusa,
zisadutse mumzinda popanda chilolezo,
zisagone pafupi ndi sukulu, msika kapena chitsime,
ndipo wozinyamula aziyamba wanena.

Ndinaseka. Ndinati mabomba otere
angasowe njira mpaka kudzera kwa ife,
pakati pa ogulitsa makala ndi anyamata a mawilibala?
Iye sanaseke.
Anati msewu sufunsa mwini katundu.
Anati chinthucho chilibe fungo, malume,
chilibe utsi, sichiwotcha dzanja tsiku lomwelo.
Chimalowa m'mafupa mwakachetechete ngati ngongole ya kaloba
n'kudzagogoda pakhomo patapita zaka.

Usiku tulo sitinabwere.
Ndinawerenga malole onse amene ndinagonapo kunsi kwake,
chagada, jeke pafupi ndi khutu:
aja a makontena omata ndi chidindo,
aja a tenti yomangidwa mfundo zachilendo,
dalaivala wa chinenero chimene sindinachimvepo
akundiponyera ndalama osadikira chenje.
Sindikuti munali kanthu. Sindidziwa.
Chikundiwawa n'chomwecho: sindinafunsepo,
ndipo ndikanafunsa, akanandiyankha ndani?

M'mawa uno mvula yadzaza ngalande.
Madzi achoka pamsewu, alowera ku Kanyama,
kumene mkazi wanga Zelipa amatunga pachitsime chosaya.
Chilichonse chodontha pano chimakathera mu ndowa yake.
Oyilo ndamuonapo akuyandama ngati utawaleza.
Nanga chosaoneka?

Tilyenji akuti aphungu akulimbana ndi mawu.
Wina akufuna "kuletsa", wina akuti "kuchepetsa" n'kokwanira,
wina akuti zachitetezo sizikambidwa pabwalo,
wina mtima uli pa msonkho wa pamsewu.
Ndime yachisanu ndi chinayi aibweza kawiri
chifukwa cha mpatuliro umodzi.
Ine ndimakadziwa kabowo kochepa ngati diso la singano
kamene kamagoneka lole ya matayala makumi awiri ndi awiri.
Choncho mpatuliro sindiunyoza.
Auike pamalo pake, koma asachedwe.

Akanandiitana kukomitiko
ndikanapita ndi ovolosi yomweyi,
n'kuika patebulo beseni langa la madzi akuda,
lija ndimamizamo chubu pofuna kuona potuluka mpweya.
Ndikanati: mabwana, ife timayesa chonchi.
Thovu likatumphuka, tadziwa.
Tipatseni lamulo longa beseni ili,
loti chobisika chizitulutsa thovu
chisanafike pamene ana athu amadumpha msewu.

Koma sanandiitane.
Pano paima lole ina, yoyera, yopanda dzina pachitseko,
tayala lakumbuyo laphwa.
Dalaivala akundikodola ndi chala.
Ndatola jeke ndi sipanala.
Ndisanagwade ndamufunsa:
mwanyamula chiyani, achimwene?
Wandiyang'ana nthawi yaitali,
ngati kuti layankhula ndi tayala.